ZA UMOYO PA MUDZI: Zobvala Zoyenera Acikulire Oiwala ndi Ofooka Ziwalo

M'midzi yozungulira Katondwe, m'boma la Luangwa limene akale amalidziwa ndi dzina la Feira, muli mabanja amene m'mawa uli wonse amayamba tsiku ndi nchito imene anthu saikamba pa bwalo. Nchitoyo ndiyo kubveka munthu wamkulu amene sangathenso kudzibveka yekha. Ena mwa acikulire otere anafa ziwalo mbali imodzi, ena mawondo ndi zala zinauma ndi nyamakazi, ndipo ena thupi likali lolimba koma mutu unayamba kutaya zinthu, kotero kuti malaya amawayesa buluku, kapena amabvula pakati pa anthu osadziwa kuti alakwa. Pakhomo potere kubvala, kumene munthu wolimba amatsiriza pa mphindi ziwiri, kumasanduka nkhondo ya ola lathunthu, ndipo kawiri-kawiri nkhondoyo imatha ndi misozi ya onse awiri, wobveka ndi wobvekedwa.

Ambiri amayesa kuti cobvuta ndi munthuyo. Amati wayamba mwano, kapena amati ukalamba wampatsa liuma. Koma nthawi zambiri cobvuta ndi cobvalaco. Malaya a mabatani ang'ono-ang'ono, diresi yothina yolowera kumutu, buluku wa zipi ndi lamba, zonsezi zinasokedwera munthu amene aimirira bwino, akweza manja onse awiri, ndiponso akumbukira cimene ciyamba ndi cimene citsatira. Munthu akasintha, cobvala naco ciyenera kusintha. Cobvala coyeneraco sicifuna ulendo wa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 250. Cingacokere m'sutikesi ya mwini wace, cikangopita kwa telala wa pa msika kapena kwa mai wodziwa kugwira singano.

MATENDA A KUIWALA

Kuiwala pamene munthu anaika fodya, kapena dzina la mdzukulu wokhala kutali, kumacitikira wokalamba ali yense. Koma pali kuiwala kwina kumene kuli matenda a ubongo, amene madotolo amawacha dementia. Wodwala amafunsa funso limodzi kakhumi, amasokera pa njira ya ku cigayo imene wayendamo zaka 40, amaitana mwana wace ndi dzina la mbale amene anamwalira kale, ndipo pang'ono-pang'ono amalephera nchito zimene anali kuzicita osaganiza, monga kuphika, kusamba ndi kubvala. Mtundu wofala koposa wa matendawa umachedwa ndi dzina la Alois Alzheimer, dotolo wa ku Germany amene anaufotokoza m'caka ca 1906. Mtundu wina umabwera pamene mitsempha ya magazi ya mu ubongo yaonongeka, makamaka mwa anthu a BP yokwera ndi amene anagwapo ndi sitiroko. Kumwa kacasu kwa zaka zambiri, ndi kacirombo ka HIV pamene munthu salandira mankhwala, nazonso zingaononge ubongo.

Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linawerengera kuti m'caka ca 2021 odwala matendawa anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 ali onse anali m'maiko osauka ndi olemera pang'ono. Motero sali matenda a Azungu okha ai. Ali ku Feira monga momwe ali ku London, kungoti ku mudzi amachedwa maina ena.

Kubvala kumabvuta msanga cifukwa ndi nchito ya zigawo zambiri. Munthu ayenera kuzindikira kuti ici ndi malaya, kupeza kutsogolo ndi kumbuyo kwace, kulowetsa mkono m'dzanja loyenera, ndi kukumbukira kuti za m'kati ziyamba. Ubongo wodwala umataya ndondomeko imeneyi, ndipo wodwalayo amaima ndi malaya m'manja osadziwa cocita nao. Akakalipiridwa amacita mantha, ndipo mantha ndiwo amampangitsa kukankha ndi kumenya.

COBVALA CINGAPULUMUTSE MOYO

Nkhani ya zobvala ioneka yaing'ono kufikira tsiku limene mai wokalamba apezeka m'bandakuca ali ciriri kuseri kwa nyumba ya eni, alibe kanthu m'thupi, osadziwa dzina lace kapena kumene acokera. M'madera ambiri a Zambia ndi Malawi anthu akaona zotere amathamangira kunena kuti mfiti yagwa pa ulendo wa usiku, ndipo okalamba ena amenyedwa, atenthedwera nyumba, ngakhale kuphedwa kumene cifukwa ca mau otere. Zoona zace nzakuti wodwala matenda a kuiwala amasokoneza usiku ndi usana. Amadzuka kufuna cimbudzi, citenge cimamasuka ndi kugwa pa njira, iye osazindikira, ndipo pobwerera amasowa khomo lace.

Lamulo la Zambia lochedwa Witchcraft Act, Caputala 90, liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezi angaimbidwe mlandu. Koma apolisi amafika miyala itaponyedwa kale. Cimene cimakhala ndi wodwala pa ola limenelo ndico cobvala cace. Cifukwa cace banja liyenera kumgoneka ndi cobvala cimene sicimasuka cokha, monga diresi yopepuka yosokedwa kapena kabudula wa lasitiki ndi sikipa, m'malo mwa citenge comangira m'khwapa. Pa cobvala ciri conse pasokedwe kansalu koyera kolembedwa dzina lace, mudzi wace ndi nambala ya foni ya wacibale, ndi inki yosacoka pocapa. Kansaluko kakhale pamalo pamene mlendo angakaone msanga, monga m'khosi kumbuyo kapena m'mphepete mwa malaya.

M'cigwa ca Luangwa muli coopsya cina. Wosokera angalowe m'chire mmene mumayenda njobvu, kapena kutsikira ku mtsinje kumene kuli ng'ona. Cipatala ca Katondwe cidziwika kutali ndi nchito yosoka anthu olumidwa ndi ng'ona, ndipo anthu a kuno safuna kuuzidwa za ngozi imeneyi. Wobvala malaya ofiira, acikasu kapena oyera amaoneka patali pakati pa mitengo ya masau ndi udzu wouma, pamene wobvala zotuwa angapitiriridwe ndi omfuna ali pafupi.

NSALU YOYENERA KUTENTHA KWA KUNO

Boma la Luangwa ndi limodzi la malo otentha koposa m'Zambia. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Wokalamba sazindikira msanga kuti thupi lace latentha, ndipo wodwala matenda a kuiwala angabvale juzi ndi jekete dzuwa liri pa liwombo. Motero zobvala zolemera zibisidwe mwezi wa Ogasiti ukatha, ndipo zituluke pamene mphepo ya Meyi yayamba.

Nsalu yabwino ndiyo ya thonje, popeza imamwa thukuta ndi kulola mphepo kufika pa khungu. Nayiloni ndi nsalu zina zonyezimira zimasunga thukuta, ndipo khungu lonyowa la munthu wogona limanyuka msanga. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitenge zambiri zochipa za masiku ano zioneka ngati thonje koma ndi za pulasitiki. Wofuna kudziwa asolole kaulusi m'mphepete ndi kukayatsa ndi macisi. Thonje limapsa ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa, koma nayiloni imasungunuka ndi kuuma ngati kamkanda.

Kuyesa kumeneku kuli ndi phindu linanso. Mu Juni ndi Julaye okalamba amakonda kukhala pafupi ndi moto kapena mbaula. Nsalu ya pulasitiki ikagwira moto imasungunukira pa thupi ndi kusiya bala lakuya. Thonje nalo limapsa, cotero manja a malaya asakhale olendewera, ndipo wodwala asasiyidwe yekha pa moto.

ZOBVALA ZA AMAI

Citenge ciri ndi ubwino waukuru, ndiwo wakuti mai wacibvala moyo wace wonse ndipo amacizindikira ngakhale ataiwala zina zonse. Koma zala zofooka sizicimanga zolimba, ndipo cikatsetsereka cimakola mapazi. Telala angacisoke kukhala siketi ya lasitiki m'ciuno, kapena kusokerera zingwe ziwiri za nsalu m'makona mwace kuti cizimangidwa pambali. Utali wace ulekeze pamwamba pa akakolo. Maonekedwe amakhala a citenge comweco, ndipo mwini wace sadziona ngati wabvekedwa za cilendo.

Kwa mai amene sangathe kuimirira kapena kukweza manja, cothandiza koposa ndi diresi yotseguka kumbuyo. Telala atenge diresi imene mwini wace aikonda, aidule kumbuyo kuyambira m'khosi kufikira pansi, ndi kuonjezera nsalu yotambalala ngati zikhato ziwiri ku mbali imodzi, kuti mbali ziwirizo zizisanjikizana ndi kubisa msana wonse. Zomangira zikhale pa phewa ndi pambali, osati pa mzere wa msana pamene munthu amagonera. Diresi yotere imabvekedwa kucokera kutsogolo, mai ali khale kapena ali gone. Manja amalowa osakwezedwa, ndipo palibe cimene cimaphimba nkhope. Ici ncofunika, pakuti wodwala matenda a kuiwala amacita mantha akuru pamene nsalu yamphimba maso, ndipo nkhondo zambiri za m'mawa zimayambira pomwepo.

Bulauzi ikhale yotseguka kutsogolo, ya m'khwapa motakasuka. Citambala cisaiwalike. Mai amene sanatulukepo pa bwalo mutu uli pamtunda amasowa mtendere akakhazikidwa pakhonde wopanda citambala, ngakhale sangathe kunena cimene cambvuta.

ZOBVALA ZA ABAMBO

Bambo amene zala zace zinauma, kapena amene aiwala kamasulidwe ka lamba, amadzionongera pa khomo la cimbudzi pamene anafika nthawi yabwino. Manyazi a tsiku limenelo amampangitsa kuleka kupita pakati pa anzace. Telala acotse zipi ndi ngowe pa buluku, aike lasitiki yofewa m'ciuno, koma batani la pamwamba alisokerere pomwepo kuti buluku aoneke monga kale. Kwa bambo wogona, msoko wa m'mbali mwa buluku ungatsegulidwe kuyambira m'ciuno kufikira m'mawondo ndi kuikamo zomata, kuti buluku azicoka popanda kumnyamula.

Malaya angakonzedwe cimodzi-modzi. Mabatani asokedwe pamwamba pa ziboo zao kuti aoneke ngati omangidwa, ndipo kunsi kwace kuikidwe tizidutswa tomata. Ngati mikono siipindika, malaya adulidwe kumbuyo monga diresi ija, kolala ndi kutsogolo zikhale momwe zinaliri. Jekete ya ku chalichi nayo ingadulidwe motero, ndipo bambo akakhala pa mpando palibe amene angadziwe. Cimodzi-modzi yunifomu ya mai wa bungwe la amai a mpingo. Zobvala zotere zisagawidwe kwa adzukulu mwini wace akali moyo, cifukwa ndizo zimamkumbutsa cimene iye ali.

OKHALA PA NJINGA NDI OGONA PA MPHASA

Munthu wokhala tsiku lonse pa mpando kapena pa njinga ya olemala afuna buluku wotalika kumbuyo ndi wofupika kutsogolo, cifukwa pokhala buluku wamba amatsika kumbuyo ndi kufinya mimba. Matumba a kumbuyo acotsedwe, ndipo jinzi ya misoko yokhuthala ndi tizitsulo isabvalidwe konse. Siketi kapena citenge cisalendewere kufikira ku mawilo.

Cifukwa cace ndi zironda. Pamene fupa lakanikiza khungu kwa maola ambiri magazi safika, ndipo khungu limafa. Malo oopsya ndi m'munsi mwa msana, m'mbali mwa ciuno, pa zidendene ndi pa mapewa. Batani limodzi, mfundo ya citenge, ngakhale khwinya la nsalu pansi pa munthu woonda, lingayambitse cironda cimene cimatenga miyezi kuti cipole. Wogona atembenuzidwe pa maola awiri ali onse, nsalu ya pansi pace iongoledwe, ndipo pa mphasa payalidwe cinthu cofewa. Pamene pafiira kapena pada, ndipo sipabwerera mwakale munthu atatembenuzidwa, pamenepo cironda cayamba, ndipo anamwino aone msanga.

Amene sangathe kusunga mkodzo afuna zosintha zambiri zocapika mosabvuta. Matewera a akulu a m'sitolo ngodula, koma thaulo lakale kapena nsalu ya thonje yopinda kanai, yoikidwa m'kati mwa kabudula wa lasitiki, imagwira nchito ngati isinthidwa ikangonyowa. Pulasitiki iyalidwe pansi pa citenge, isakhudze khungu. Banja lisacepetse madzi akumwa pofuna kucepetsa zocapa, pakuti pa kutentha kwa kuno wokalamba wosamwa madzi amafooka ndi kusokonezeka koposa.

Zocapazo ziyanikidwe pa cingwe padzuwa ndi kusitidwa ndi nsimbi yotentha. Pali nchenche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pa mthunzi, makamaka za fungo la mkodzo, ndipo mphutsi zace zimalowa pa khungu ndi kutupa ngati cithupsa. Nsimbi imapha mazirawo.

ZOMANGIRA NDI NSAPATO

Comata cimene cachulidwa pamwambapa ndi Velcro, tinsalu tiwiri timene timagwirana tikakanikizidwa, tofanana ndi tija ta pa nsapato za ana ndi pa zikwama za sukulu. Anacipeza ndi George de Mestral wa ku Switzerland, amene m'caka ca 1941 anayang'anitsitsa njere za chire zimene zinamatirira pa ubweya wa galu wace, monga momwe cisoso cimamatirira pa buluku wa munthu wocokera ku munda. Cingagulidwe kwa ogulitsa zosokera, kapena kumatulidwa pa cikwama cakutha. Mbali yokala iyang'ane kunja, kuti isakande khungu, ndipo pocapa mbali ziwirizo zimatidwe, cifukwa zikatola udzu ndi ulusi zimaleka kugwira. Kumene Velcro isowa, mabatani akuru-akuru kapena zingwe za nsalu zikwanira. Mapini asagwiritsidwe nchito, popeza wodwala angadzibaye kapena kuwaika m'kamwa.

Mapatapata agwetsa okalamba ambiri, makamaka amene amakoka phazi limodzi. Kuthyoka kwa fupa la m'ciuno pa msinkhu umenewu kungagoneke munthu kosadzukanso. Nsapato yoyenera ndi yotseka kumbuyo, yosaterera, yopanda zingwe, ndiponso yotakasuka cifukwa mapazi a munthu wokhala pansi amatupa madzulo.

POSANKHA PA SALAULA

Ku maiko a kunja zobvala zotere zimagulitsidwa zosoka-soka. Ku New York mai wina wosoka dzina lace Helen Cookman anayamba kuzikonza m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'caka ca 2016 kampani ya Tommy Hilfiger inayamba kugulitsa zace. Mitengo yace njoposa thumba la mlimi kapena msodzi. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Nzeru yace ndi yomweyi ya kutsegula kumbuyo, lasitiki ndi zomata, ndipo telala wa makina opalasa ndi phazi angaicite.

Wopita pa salaula, kapena mwana wa m'tauni wofuna kutumiza katundu kwao, asankhe cobvala cokulirapo kuposa muyeso wa kale wa wodwala, kuti pakhale nsalu yokonzera. Acitembenuze ndi kupapasa misoko ya m'kati ngati siikala. Juzi ikhale yotseguka kutsogolo, buluku akhale wofewa wa lasitiki, sikipa ikhale ya khosi lalikuru. Koma asagule zimene mwini wace sanabvalepo. Mai amene sanabvalepo buluku moyo wace wonse adzambvula ndi kumtaya, ngakhale akhale wofewa motani. Kusintha kabvalidwe kucitike m'kati mwa cobvala, kunja kukhale kumene munthu anazolowera.

KABVEKEDWE

Kwa amene anafa ziwalo mbali imodzi lamulo ndi limodzi, ndipo anamwino amaliphunzitsa pali ponse. Pobvala uyambe mkono kapena mwendo wodwala, ndipo pobvula uyambe wolimba. Wobveka apinde dzanja la malaya, alowetsemo dzanja lace, agwire dzanja la wodwala ndi kukokera malayawo kufikira pa phewa. Asakoke mkono wakufawo, cifukwa phewa lace ndi lolobodoka ndipo lingaguluke. Acirikize pa cigongono.

Kwa woiwala, kubvala kucitike nthawi imodzi-modzi ndi malo amodzi-modzi tsiku liri lonse, citseko ciri cotseka ndi ana ali panja. Wobveka afike cakutsogolo, anene dzina lace, ndi kulankhula mau ocepa mwaulemu, monga akuti, "Ambuya, nali dzanja la malaya, lowetsani mkono." Asaunjike zobvala zonse pa mphasa. Aonetse ziwiri zokha kuti wodwala asankhe, kenaka apereke cimodzi-cimodzi monga mwa ndondomeko yace. Cimene wodwala angathe kucita yekha, ngakhale kukoka siketi kapena kumanga citambala, acite yekha, pakuti dzanja lolandidwa nchito limaiwala msanga. Akabvala malaya cakumbuyo tsiku limene sapita kuli konse, palibe mlandu. Akakana, wobveka acoke, amphikire phala, ndi kubwerera patapita kanthawi, popeza kawiri-kawiri kukanako kumaiwalika.

Ena amaumirira cobvala cimodzi masiku onse ndi kukana kuti cicapidwe. Kulimbana nao sikupindula. Banja ligule zitenge ziwiri kapena zitatu za maluwa amodzi-modzi ndi kusoketsa zofanana, kuti cakuda cizicotsedwa usiku ndipo coyera ciziikidwa pamalo pace.

Wobvula pakati pa anthu amakhala ali kunena kanthu kamene pakamwa palephera. Mwina watenthedwa, mwina afuna cimbudzi, mwina msoko umkanda, kapena muli nsabwe ndi nsikidzi. Banja liyambe lafufuza zimenezi. Ngati kubvulako sikuleka, cobvala comangira kumbuyo cingathandize pa nthawi ya alendo kapena usiku, koma pamenepo wosamala akumbuke kumperekeza ku cimbudzi kawiri-kawiri, popeza sangathe kudzimasula. Kummanga munthu ndi cingwe kapena kumtsekera m'nyumba yotentha ndi nkhanza, ndipo kumaonjezera msokonezo. Ngati wokalamba wasokonezeka mwadzidzidzi pa tsiku limodzi kapena awiri, kumeneko kungakhale malungo, cibayo kapena matenda a m'cikhodzodzo, amene ali ndi mankhwala, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

MWAMBO NDI ULEMU

Pa mwambo wa Ansenga, Acikunda ndi Acewa, mwana wamwamuna saona thupi la amai ace, ndipo mkamwini ndi apongozi amapatukirana pa njira. Koma m'midzi yambiri ana akazi ali ku Lusaka kapena ku Migodi, ndipo wotsala pakhomo ndiye amene mwambo umletsa. Pamenepa diresi yotseguka kumbuyo imacepetsa bvuto, cifukwa yoyera imayalidwa pamwamba yakuda isanacotsedwe kunsi kwace, ndipo thupi silikhala poyera. Citenge cofunda pa nchafu ndi pa cifuwa cimagwira nchito yomweyo posambitsa. Ngakhale munthu ataiwala maina a ana ace, manyazi samaiwala, ndipo amazindikira dzanja laulemu ndi dzanja laukali. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Nchito imeneyi njolemera kwa munthu mmodzi. Acibale agawane masiku, ndipo a kutali atumize sopo, nsalu ndi ndalama za telala. Makalabu a amai ndi magulu a mipingo amene ali ndi makina osokera angaphunzire kudula diresi imodzi, ndipo mudzi wonse upindule.

KUMENE BANJA LINGAPEZE THANDIZO

Misyoni ya Katondwe inayambidwa ndi ansembe a Cijezuiti amene anaoloka kucokera ku Mozambique pambuyo pa caka ca 1910, ndipo cipatala cace, cimene ciyendetsedwa ndi masisitere a Little Servants of Mary Immaculate, cimalandira odwala a m'boma lino ndi a kutsidya kwa mtsinje. Kumeneko, ku cipatala ca pa boma, kapena ku kiliniki ya pafupi, wokalamba angapimidwe BP ndi shuga, zironda zingatsukidwe, ndipo wosamala angapemphe anamwino kuti amuonetse katembenuzidwe ndi kabvekedwe ka wodwala. Mankhwala ociritsa matenda a kuiwala kulibe, koma matenda ena ofanana nao amacira, cifukwa cace kupimitsa nkofunika. Obvutika kwambiri angatumizidwe kwa akatswiri ku Lusaka, monga ku cipatala ca Chainama Hills.

Ofesi ya Social Welfare pa boma ndiyo iyang'anira thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo m'caka ca 2003 ndipo limafika ku mabanja osauka okhala ndi okalamba kapena olemala kwambiri. Wokalamba amene aopsezedwa kapena kunenedwa ufiti, nkhani yace ipite kwa apolisi a Victim Support Unit.

Koma coyamba pa zonse, banja lisabise matenda. Lipite kwa a nyakwawa, kwa akulu a mpingo ndi kwa anansi, ndi kuwauza poyera kuti ambuya ali ndi matenda a kuiwala, kuti nthawi zina amatuluka usiku, ndi kuti dzina lao lalembedwa m'khosi mwa malaya. Mudzi umene wauzidwa sutola miyala. Wopeza munthu wotere pa njira amfunditse citenge, amlankhule mofatsa, ampatse madzi, ndi kumperekeza kwao.

Sabata ya mawa danga lino lidzanena za kadyetsedwe ka okalamba amene abvutika kutafuna ndi kumeza.